Kalata kwa achemwali anga ku Mwanza, za kanyama kamene akufuna kudula

Okondedwa Achemwali,

Ine kuno ku Cape Town ndili bwino, kungoti mtima suli m'malo chiyankhulireni ndi amayi pafoni. Dzina lanu sindilitchula, ngakhale la mudzi wathu, chifukwa kalatayi aiwerenganso azimayi ena amene akusunga pepala lofanana ndi lanu.

Amayi andiuza kuti anamwino a pachipatala cha Mwanza atakuyezani ndi viniga anaona malo oyera pakhomo la chiberekero, aakulu moti sakanatha kuwawotcha pompo, ndipo anakulemberani kalata yoti mupite ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre akadule kanyama koti akakapime. Kalatayo ikadali m'chikwama. Chifukwa chake andiuzanso. Azimayi anzanu a pamjigo akuti tinyama totere amatitumiza kunja, ndipo wina anachita kunena pamaso panu kuti, "Kafunseni mng'ono wanu, si uja akudyetsa nyama za anthu m'mabotolo ku Joni?"

Sindinena kuti azimayiwo akunama, poti m'mawu awo muli zoona. Ndimadyetsadi maselo a khansa ya anthu m'mabotolo, ndipo ena mwa maselowo anachoka m'matupi a anthu akuda ngati ife, eni ake osafunsidwa. Koma kanyama kanu kali ndi ulendo wina. Ndiloleni ndifotokoze zonse ziwiri, kenako muganize nokha.

Thupi la munthu ndi lopangidwa ndi maselo, tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso. Selo limakula n'kugawikana pawiri, awiriwo n'kukhala anayi, ndipo umu ndi mmene mwana amakulira, ndi mmenenso bala limapolera. Selo labwinobwino limadziwa polekera. Mu 1961 katswiri wina wa ku America, Leonard Hayflick, anaonetsa kuti maselo a munthu ukawaika m'botolo amagawikana maulendo pafupifupi 50, kenako amakalamba n'kusiya. Selo la khansa ndi lomwe lataya polekerapo. M'thupi, khalidwe limenelo ndi lomwe limapha munthu. M'botolo, khalidwe lomwelo ndi lomwe limatipatsa mwayi woti tiliphunzire chaka ndi chaka, osalitha.

Mabotolo athu ndi apulasitiki, aphwatalala, ndipo timawagoneka chammbali. M'kati timathiramo madzi ofiirira okhala ndi shuga, mchere, mavitamini ndi zina zomangira thupi. Gawo limodzi mwa magawo khumi a madziwo ndi madzi a m'magazi a mwana wa ng'ombe wosabadwa, ndipo chimenechi ndicho chodula kwambiri pa zonse zomwe timagula. Mabotolowo amakhala m'kabati yotentha madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, usiku ndi usana. M'kabatimo muli mbale ya madzi kuti mpweya usaume, ndipo timapoperamo mpweya wa carbon dioxide wokwana 5 pa 100 aliwonse kuti madzi aja asasinthe mphamvu.

Ndikafika m'mawa ndimayamba ndayang'ana mtundu wa madziwo. Muli utoto womwe umasintha maselo akamadya ndi kutulutsa zoipa. Akakhala ofiirira, zili bwino. Akayamba kuyezuka n'kumapita kuchikasu, ndiye kuti chakudya chatha, pafunika kusintha. Kenako ndimaika botolo pamayikulosikopu. Achemwali, mukanaona mukanadabwa. Maselowo amamatirira pansi pa botolo, atatambasuka, aliyense atagwirana ndi mnzake. Lomwe latsala pang'ono kugawikana limadzikundika n'kukhala lozungulira, lowala mbee, ndipo ukadikira pang'ono umaliona likuning'a pakati mpaka kukhala awiri. Ndaziona kambirimbiri koma mpaka lero thupi limachita tsemwe, chifukwa ndimadziwa kuti chomwe ndikuonacho ndi chomwe chinapha mwini wake.

Pakatha masiku awiri kapena atatu pansi ponse pamadzaza, ndipo akapanikizana amayamba kufooka. Apa ntchito yake ndi yofanana ndi kupatulira chimanga paphando: uchotse zambiri kuti zotsalazo zikule bwino. Ndimayamwa madzi akale ndi kapaipi, n'kutsuka maselo ndi madzi a mchere, n'kudonthezera mankhwala otchedwa trypsin omwe amamasula pomwe agwira. Pakangopita mphindi zochepa ndimamenya botolo m'mbali ndi chikhatho, maselo onse n'kusendeka n'kuyamba kuyandama. Ndimatapa kadontho, n'kusakaniza ndi utoto wabuluu kuti ndiwawerenge. Akufa amamwa utotowo, amoyo amakhala oyera. Ochepa ndimawasamutsira m'botolo latsopano, ena amapita kokayesera mankhwala, otsala ndimawathira jiki. Ntchito imeneyi sidziwa Lamulungu kapena Khirisimasi.

Mdani wamkulu ndi tizilombo. Selo la munthu limatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti ligawikane, pomwe bakiteriya amatha kugawikana pa mphindi 20 kapena 30 zokha, ndipo madzi a shuga ofunda aja amawakonda kwabasi. N'chifukwa chake botolo timalitsegulira m'kabati ina yopemerera mpweya wosefedwa, titavala magolovesi, chilichonse titachipukuta ndi spiriti. Sitiyankhula botolo lili chitsegulire, ndipo dzanja silidutsa pamwamba pake. Kakangolowa kachilombo kamodzi, mawa lake madzi amapezeka achita chimbuuzi, ntchito ya milungu ingapo yathera pomwepo. Palinso tina totchedwa mycoplasma tomwe sitidetsa madzi ndipo pamayikulosikopu wamba sitioneka, koma timasokoneza maselo mwakachetechete mpaka zotsatira za kafukufuku n'kukhala zabodza. Timeneto timachita kutiyeza pafupipafupi.

Pofuna kusunga ena a mtsogolo, timawathira m'timabotolo ting'onoting'ono pamodzi ndi mankhwala oletsa kuti madzi oundana asawang'ambe, n'kuwaziziritsa pang'onopang'ono, digiri imodzi pa mphindi. Akafika madigiri 80 kunsi kwa ziro timawasamutsira m'thanki ya nayitirojeni wamadzi, momwe kuzizira kwake ndi madigiri 196 kunsi kwa ziro. Mmenemo amatha zaka makumi osafa, osakula. Tsiku lowafuna timawasungunula msangamsanga m'madzi ofunda, ndipo mawa lake amapezeka amatirira kale pansi pa botolo, ayambiranso.

Zonsezi n'zoti tiyesere mankhwala. Timagawa maselo m'kambale ka timaenje 96, paliponse mlingo wakewake wa mankhwala, ndipo pakatha masiku atatu timaona pomwe afa ndi pomwe apirira. Mankhwala atsopano a khansa amayamba adutsa pamenepa asanayesedwe pa nyama, kenako pa anthu. Sindikufuna kukokomeza. Selo la m'botolo si munthu. Lilibe chiwindi, lilibe magazi, ndipo mankhwala ambiri omwe amapha maselo m'botolo amakakanika m'thupi. Komabe popanda botololi tikanamayesera poizoni aliyense pa odwala.

Tsopano funso la azimayi a pamjigo lija: maselowa ndi a yani?

Omwe ndimawasamala kwambiri amatchedwa HeLa, zilembo zoyamba za dzina la Henrietta Lacks. Anali mayi wachikuda wa ku America, wa ana asanu, amene anakulira m'minda ya fodya ku Virginia. Kumayambiriro kwa 1951 anapita ku chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore atamva chotupa m'mimba, ndipo anamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Pomupatsa chithandizo, dokotala anadula tinyama pachotupacho n'kutipereka kwa George Gey, yemwe anali atayesa kwa zaka zambiri kusunga maselo a munthu m'botolo koma onse ankamufera. A mayiyu sanafe. Mwini wake anamwalira pa 4 Okutobala 1951 ali ndi zaka 31, osadziwa chilichonse, chifukwa palibe anamufunsa. Maselo ake anagawidwa dziko lonse. Anathandiza poyesa katemera woyamba wa poliyo, makampani anayamba kuwagulitsa, pomwe ana ake ankavutika kupeza ndalama zolipirira chipatala. Banjalo linamva za nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Mu 2013 ndi pomwe boma la America linagwirizana nawo kuti azikhala ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito ka chibadwa cha maselowo, ndipo mu 2023 kampani ya Thermo Fisher Scientific inagwirizana nawo kunja kwa khoti pa mlandu womwe anaisumira. Apo n'kuti patatha zaka 72.

Maselo amenewa ndi amphamvu moti amalowerera m'mabotolo a anzawo. Mu 1966 Stanley Gartler anapeza kuti mitundu yambiri ya maselo yomwe akatswiri ankati ndi ya ziwalo zosiyanasiyana za anthu oyera inali HeLa yemweyo. Chinawaulula ndi chizindikiro china cha chibadwa chomwe chimapezeka makamaka mwa anthu ochokera ku Africa. Mpaka lero lamulo lathu ndi loti sutsegula mitundu iwiri ya maselo nthawi imodzi, ndipo timawayeza chibadwa kuti titsimikize kuti ndi omwe alembedwa pabotolo.

Nkhani ina imatikhudza pafupi. Mukukumbukira ana otupa nsagwada aja, tsaya limodzi litakula mpaka mano kugwedera, diso kutong'oka? Khansa imeneyo imatchedwa Burkitt, dzina la dokotala wa ku Ireland, Denis Burkitt, yemwe ankagwira ntchito ku chipatala cha Mulago ku Kampala ndipo anaifotokoza mu 1958. Imakula mofulumira kuposa khansa ina iliyonse ya munthu, chotupa chimatha kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri. Mu 1961 Burkitt ndi madokotala anzake awiri anakwera galimoto yakale n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000, chipatala ndi chipatala, kufunsa kumene matendawa akuoneka. Anadutsanso kuno kwathu, nthawi imeneyo kukutchedwa Nyasaland, ndipo anapeza kuti odwala ankachokera kumalo otsika ndi otentha monga m'mbali mwa nyanja, osati kumapiri ozizira. Patapita nthawi zinadziwika kuti mapu a khansayi akufanana ndi mapu a malungo.

Mu 1961 momwemo katswiri wina wa ku London, Anthony Epstein, anamumva Burkitt akufotokoza za matendawa ndipo anaganiza kuti payenera kukhala kachilombo. Anagwirizana kuti tinyama ta ana a ku Uganda tizitumizidwa pandege kupita ku London. Kwa zaka ziwiri sanapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga, inakatera ku Manchester, ndipo kanyamako kanafika mochedwa, madzi ake atachita chimbuuzi. Aliyense akanati kaola n'kukataya. Epstein atayang'ana pamayikulosikopu anapeza kuti si mabakiteriya ayi, ndi maselo amoyo a chotupa omwe anagwedezeka paulendo n'kumayandama. Apa ndi pomwe anazindikira kuti maselo a mtundu umenewu safuna kumatirira pansi, amafuna kuyandama. Iye ndi Yvonne Barr anawasunga choncho ndipo anachulukana. Mwa maselowo, mothandizana ndi Bert Achong, anaona kachilombo komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamatha kuyambitsa khansa mwa munthu. Analengeza mu Malichi 1964, patatsala miyezi yochepa kuti Malawi alandire ufulu. Kanyamako kanali ka mtsikana wa zaka 9.

M'mathanki a nayitirojeni dziko lonse muli ana a mu Africa. Pali maselo otchedwa Raji, a mnyamata wa zaka 11 wa ku Nigeria, omwe anayamba kusungidwa ku Ibadan mu 1963. Pali Daudi, a mnyamata wa zaka 16, a mu 1967. Pali Namalwa, omwe kampani ya Wellcome inkawachulukitsa m'mathanki akuluakulu popanga mankhwala otchedwa interferon n'kumagulitsa. Ku Johannesburg, mu 1976, Jennifer Alexander anasunga maselo a khansa ya chiwindi ya mnyamata wa zaka 24 wa ku Mozambique, dziko lomwe ife a ku Mwanza timalowamo ndi miyendo, ndipo athandiza kwambiri pophunzira za kachilombo ka hepatitis B. Ndikatsegula thanki n'kuwerenga mayina amenewa patimabotolo, ndimadzifunsa ngati amayi awo anauzidwa, komanso m'chiyankhulo chanji. Chimandiwawa koposa ndi ichi: mpaka lero akatswiri amayesera mankhwala a mtundu wa rituximab pa maselo a Raji ndi Daudi, mankhwala omwe athandiza kuti ana 9 mwa 10 aliwonse odwala Burkitt m'mayiko olemera azichira, pomwe ana a kuno kwathu kwa zaka zambiri sankawapeza chifukwa cha mtengo. Ku Gulupu, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anachita kukonza njira yawoyawo yotchipa, yodalira mankhwala akale otchedwa cyclophosphamide, ndipo ndi njira imeneyo ankapulumutsa pafupifupi theka la ana. Ntchito yawo ndi yotamandika, koma theka linalo ndi ana a anthu.

Choncho munthu akamakayika, ine sindimuseka. Koma mantha osafunsa amapha. Munaona za anamapopa mu 2017, mphekesera zitayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, azaumoyo anaopa kulowa m'midzi, ndipo amene anavutika ndi odwala omwe ankadikira thandizo. Palibe dontho la magazi lomwe linapulumutsidwa.

Pali zomwe zabwerera kwathu kuchokera m'mabotolo amenewa, ndipo ndiyenera kuzitchula. Pomwe mwana wina wa ku Lilongwe anapezeka ndi poliyo, boma n'kulengeza mu Febuluwale 2022, chimbudzi chake chinakapimidwa ku South Africa, ndipo malabotale a poliyo amagwira kachilomboka pokathira pa maselo, ena mwa iwo a khansa ya mwana wina wa ku America otchedwa RD. Akatswiri a ku Germany motsogozedwa ndi Harald zur Hausen atapeza mu 1983 ndi 1984 mitundu iwiri ya kachilombo ka HPV yomwe imayambitsa khansa zambiri za khomo la chiberekero, anapeza umodzi mwa iyo, HPV 18, uli m'maselo a Henrietta Lacks. Nzeru imeneyo ndi yomwe inabala katemera amene dziko lathu linayamba kubaya atsikana a zaka 9 mu Janyuwale 2019, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba.

Tsopano za kanyama kanu. Chomwe akufuna kudula ndi chaching'ono, mamilimita ochepa chabe, ndipo amadula muli maso, pa mphindi zochepa. Mudzaona namwino akukaponya m'kabotolo ka madzi oyera onunkha moswa mphuno. Madzi amenewo ndi formalin. Ntchito yake ndi kupha maselo onse n'kuwaumitsa mmene alili kuti asaole. Ku labotale amakaika m'phula, n'kukadula tizidutswa topyapyala kwambiri, n'kutipaka utoto, dokotala wa zopimapima n'kuyang'ana ngati ndi khansa kapena ndi zizindikiro chabe zoti ikhoza kudzayamba. Selo lomwe lalowa mu formalin silingadzukenso. Ngakhale mutandipatsa ine ndi makina onse a kuno, sindingalimeretse. Kuti maselo amere m'botolo, kanyama kamayenera kutengedwa kamoyo, kuikidwa m'madzi ofiirira aja, n'kuthamangira nako ku labotale, ndipo ngakhale zitatero nthawi zambiri maselowo amafa pakatha masiku kapena milungu. Si chinthu chochitika mwangozi kapena mobisa pakona.

Chotsala cha m'phula chija amachisunga, ndipo n'zoona kuti chikhoza kugwiritsidwa ntchito pa kafukufuku ngakhale chili chakufa. Apa ndi pomwe pali malamulo omwe Henrietta Lacks analibe. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu iye asanavomere. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kutulutsa magazi kapena tinyama kunja kwa dziko kumafuna chilolezo ndi mgwirizano wolembedwa. Malamulo paokha sagwira ntchito ngati eni thupi ali chete. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndiye mukakafika, kafunseni. Pepala lililonse lomwe angakupatseni kuti musayine, afunseni ngati ndi la chithandizo chanu kapena la kafukufuku, chifukwa ndi mapepala awiri osiyana. Likakhala la kafukufuku, auzeni akuwerengereni m'Chichewa, ndipo mutenge lanu lopita nalo kunyumba. Afunseni kumene kanyamako kakapimidwire, ngati kadzatuluke m'dziko muno, kadzasungidwa zaka zingati, komanso ngati mungadzasinthe maganizo. Muli ndi ufulu wokana kafukufuku, ndipo kukanako sikukuchotserani chithandizo. Wogwira ntchito yake moona sakwiya ndi mafunso otere. Ine ndikanakonda odwala onse akanamafunsa choncho, chifukwa ifenso a m'malabotale timasamala kwambiri tikadziwa kuti eni ake ali maso.

Mukandifunsa maganizo anga, ndinganene kuti mutapemphedwa bwinobwino, kafukufukuyo mutamumvetsa, kuvomera n'kwabwino. Maselo ambiri a khansa omwe ali m'malabotale a dziko lapansi ndi a azungu ndi a anthu a ku Asia. Athu ndi ochepa kwambiri, pomwe matenda ena amatisautsa ife kuposa iwo. Taonani khansa ya kummero, ija munthu amayamba kutsamwa nsima, kenako phala, mapeto ake ngakhale madzi. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo chifukwa chake chenicheni akatswiri akadafufuzabe. Ku yunivesite ya Wits anasunga maselo a odwala khansa imeneyi a ku South Africa, otchedwa WHCO, ndipo ophunzira ambiri a kuno aphunzirirapo. Chomwe ndimalakalaka ine n'choti tsiku lina tidzakhale ndi maselo a odwala a ku Mwanza, ku Neno ndi ku Chikwawa, operekedwa ndi eni ake akudziwa, osungidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mayina awo atabisidwa, ndipo wofuna kuwagwiritsa ntchito kunja azichita kupempha kwa ife. Si zapafupi. Pamafunika magetsi osazima ngakhale ola limodzi, jenereta yokhala ndi mafuta nthawi zonse, nayitirojeni wowonjezera m'thanki asanaphwe, ndi ndalama zakunja zogulira madzi odyetsera aja. Koma manja oti agwire ntchitoyi alipo, ndipo ambiri tili kunja kuno tikusamala maselo a eni.

Zimenezo ndi za mtsogolo. Za lero ndi inu. M'Malawi azimayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Ambiri amafika kuchipatala mochedwa, atayamba kale kutaya magazi ndi kumva kupweteka m'chiuno. Inu simunafike pamenepo. Malo oyera omwe anamwino anaona si umboni woti muli ndi khansa. Kuchokera pomwe kachilombo kalowa kufika pa khansa yeniyeni pamatha zaka 10 kapena 20, ngakhale kwa amene ali ndi HIV zimafulumira. Zikakhala zizindikiro chabe, amachotsa kachigawo kodwalako ndi kawaya kamagetsi, tsiku lomwelo mwabwerera. Ikakhala khansa yongoyamba, opaleshoni imachiza, ndipo ku Gulupu a bungwe la MSF anayamba kuthandizana ndi madokotala athu pa matenda amenewa mu 2018. Koma kuti adziwe choti achite, ayenera kuona kanyamako. Ine ndimaona ndi maso anga tsiku lililonse mmene maselo amenewa amadzazira botolo, ndiye mwezi uliwonse womwe kalata ija ikukhala m'chikwama umandisowetsa tulo.

Ndatumiza ndalama pafoni ya amayi, yokwanira minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, chakudya ndi pogona ngati angakuuzeni kuti mubwerenso mawa lake. Musapite nokha. Alamu akatanganidwa ndi kumunda, tengani azakhali, iwo saopa kufunsa. Nyamukani m'mamawa kuti mudutse pa Zalewa dzuwa lisanakwere, mukapeze mzere usanatalike. Musaiwale buku lanu la kuchipatala ndi kalata ija. Zotsatira zimatenga milungu, choncho musanachoke afunseni tsiku lobwerera, ndipo muwasiyire nambala ya foni yomwe imakhala yoyaka. Alamu ndiyankhula nawo ndekha ngati mungandilole, chifukwa pali masiku omwe adokotala adzakuuzani kuti mupewe za m'banja mpaka pachilonda papole, ndipo ndi bwino amve kwa anthu awiri.

Mtsikana wathu wamkulu uja wakwanitsa zaka 9. Afunseni alangizi a zaumoyo tsiku lomwe adzabaye katemera wa HPV kusukulu kwawo kapena kuchipatala. M'katemerayo mulibe maselo a munthu, mulibe kachilombo kamoyo, ndipo satseketsa kubereka monga ena amanenera. Mayi uja anatchula za mabotolo a ku Joni, mukakumana naye muwerengereni kalatayi, ndipo ngati ali ndi funso lomwe sindinayankhe, mupatseni nambala yanga andiimbire.

Mupereke moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa onse kumudzi. Mundiimbire mukangotsika minibasi ku Blantyre.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.